Maunda Awiri

Lero ndatuluka m'chikuta.
Chikuta chake ndi theka la chipinda, chogawa ndi nsalu,
pamwamba penipeni pa nyumba yosanja ku Hillbrow.
Chikepe chinafa tisanabwere.
Ndatsika masitepe Tiyanjane ali kumsana,
mabondo akunjenjemera ngati a mwana wa mbuzi.

Ku Joubert Park nkhunda zilibe mwini.
Zina zinaduka zala ndi ulusi wa tsitsi lolukira,
ina ili ndi diso limodzi.
Zimatola nyenyeswa m'mapazi mwa ojambula zithunzi.
Ndaziwerenga mpaka makumi atatu, ndaleka.

Lamlungu lapitali, m'galaja timapemphereramo ku Yeoville,
mlaliki anakweza envulopu:
amene wachira bwino athokoze ndi marandi chikwi,
dzina lilembedwe kunja, timuombere m'manja.
Mwamuna wanga Mwaiwawo anabwera nayo kunyumba,
n'kuiika pansi pa botolo la mchere.
Amalondera galimoto za eni ake usiku ku Rosebank.
Sitinakambirane.

Koma bambo anga, okonza njinga pa Mitundu,
amene ankawerenga chala chili pamzere,
anandiuzapo za Aisraeli akale.
Mkazi akabereka, masiku ake akakwana,
ankapita pakhomo pa chihema ndi mwanawankhosa.
Wopanda nkhosa sankabwezedwa.
Ankabwera ndi njiwa ziwiri, kapena maunda awiri,
imodzi yopsereza, inayo yomuyeretsa,
wansembe osamufunsa kuti khola lako lili kuti.
Ndipo pa milandu ina, amene ngakhale mbalame zamukanika
ankabweretsa ufa wokha,
wouma, wopanda mafuta, wopanda lubani.
Wansembe ankatapako dzanja limodzi n'kuponya pamoto,
utsi wake n'kudzera njira yomweyo
yodzera utsi wa ng'ombe ya mwinichuma.

Ndimamuganizira mkaziyo.
Ali pamzere, kumbuyo kwa munthu wokoka nkhosa yonona,
iye mbalame zake wazifunditsa m'nsalu,
timitima tawo tikugunda m'zikhatho mwake,
mkaka ukudontha, mwana akulira.
Kodi anazisaka yekha m'mapanga?
Kodi anachita kukongola kwa mlamu wake?
Magazi a njiwa sadzaza n'supuni yomwe.
Komabe anawazidwa pambali pa guwa lomwelo,
ndipo anabwerera kwawo woyera,
wosatsala ndi ngongole kwa aliyense.

Ine ndinakhetsa anga kuchipatala,
namwino akundikalipira m'chinenero
chimene ndimangomvamo mawu oti kwanu.
Panalibe azakhali ondisambitsa,
panalibe womangira mwana mkuzi m'chiuno.
Mchombo utagwa ndinasowa pokwirira,
kuno dothi lonse analiphimba ndi simenti.
Uli m'kabokosi ka machesi, pamodzi ndi pasipoti yotha masiku.

Galimoto ya apolisi yadutsa pang'onopang'ono.
Ndaweramira mwana ngati ndikumukonza chipewa.

M'chikwama muli kapepala ka ufa wotsalira,
wa mgaiwa, umene Nasiwelo anabwera nawo pabasi,
ukununkhabe chigayo cha kwathu.
Ndatapa dzanja limodzi.
Ndilibe guwa, ndilibe wansembe, ndilibe moto,
ndipo sindipotola khosi la cholengedwa chilichonse,
nazonso n'zobwera, zimagona m'ming'alu ngati ife.
Ndawaza pansi.

Zabwera zonse, zikupondana,
koma ziwiri zatsalira pafupi ndi phazi langa,
ya diso limodzi ija ndi inzake yotuwa ngati phulusa.
Ndati: Inu amene munaikira wosauka mtengo wake,
nazi, ziwerengeni zili zamoyo.

Ndasamba m'manja pa mpopi wodontha wa kuseri kwa zimbudzi.
Madzi ake ozizira, a mwezi wa Juni.
Tekisi yaliza hutala, mbalame zonse phaa,
kukwera kupitirira mawaya, kupitirira zovala zoyanikidwa m'makonde.
Tiyanjane wayetsemula.
Envulopu ija ndikaikamo khadi lake la kusikelo.
Masitepe akundidikira, onse zana ndi makumi anayi.